Chimene Chidagonjetsa Nsingo

Chaka chilichonse mayeso a Fomu 4 akamayandikira, ophunzira a m'sukulu za sekondale za ku Mchinji amakhala pansi pa mitengo n'kumaloweza zaka. Amadziwa kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse idayamba mu 1914 n'kutha mu 1918, kuti yachiwiri idatha mu 1945, kuti ndege ya abale awiri a Wright idauluka pa 17 Disembala 1903, ndiponso kuti Malawi adalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Zaka zimenezi amazitchula mosadodoma ngati mayina a abale awo. Koma wina atawafunsa chifukwa chimene boma lawo linkatchedwera Fort Manning, kapena chimene chidachitika m'malire amenewa mu Januwale 1898, ambiri angangozyolika. Vutoli si la ophunzira okha. Akuluakulu ambiri nawonso amaiona mbiri ngati mndandanda wa masiku a zikondwerero, pamene mbiri ndi mlandu wofunika kuuzenga. Mbiri ya Mchinji ili ndi phunziro limodzi lowawa limene dziko silidaligwiritsebe ntchito. Phunzirolo ndi lakuti mtundu umene sudzipangira zida zake umagonja, kaya ndi pankhondo kaya ndi pamsika.

Angoni a Zwangendaba adaoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana adaphimba dzuwa. Zwangendaba atamwalira kudera la Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mtunduwo udagawikana. Mwana wake Mpezeni adatsogolera gulu lake mpaka kudzakhazikika m'dera la Chipata ndi Mchinji, kumene adagonjetsa Achewa a Mkanda. Pofika zaka za m'ma 1890 ufumu wake udali wamphamvu, wa ankhondo zikwizikwi ndi makola odzaza ng'ombe. Koma mphekesera idafalikira pakati pa Azungu yakuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany amene adali pa ubwenzi ndi mfumuyo, adanena kuti adapatsidwa chilolezo chokumba miyala m'dziko lonselo, ndipo chilolezocho chidafika m'manja mwa kampani ya North Charterland. Nthawi yomweyo mafumu ena adali kugwa mmodzimmodzi. Mlozi adanyongedwa ku Karonga mu 1895, linga la Mwase Kasungu lidagwa kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo Gomani adaphedwa mu 1896. Mpezeni adali atakalamba ndipo adafuna kuchita zinthu modekha, koma mwana wake Nsingo ndi anyamata ankhondo adaona kuti dziko likupita iwo akupenya.

Kumapeto kwa 1897 ankhondo a Nsingo adazinga Azungu a kampaniyo. Boma la Angerezi ku Zomba lidatumiza asilikali mazana angapo chabe, ambiri a iwo Aafirika anzawo pamodzi ndi Amwenye, motsogozedwa ndi Azungu owerengeka. Adabwera ndi mizinga ndi mfuti zachiwaya. Nkhondo yeniyeni sidatenge nthawi. M'masiku ochepa a Januwale 1898 magulu a ankhondo amene adaopedwa kwa zaka zoposa 60 adabalalika, midzi idatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa. Nsingo adagwidwa naomberedwa mu Febuluwale. Mpezeni adadzipereka ndipo adasungidwa kwa kanthawi pa linga limene Angerezi adamanga m'malire kuti aziyang'anira Angoni. Linga limenelo ndilo Fort Manning, lotchedwa dzina la msilikali William Manning, amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Mpezeni adamwalira mu 1900, ali mfumu ya dzina lokha.

Kodi chidagonjetsa Nsingo n'chiyani? Sadagonje chifukwa cha mantha, pakuti munthu wamantha sathamangira mfuti atanyamula chishango cha chikopa cha ng'ombe. Sadagonjenso chifukwa chochepa anthu, pakuti ankhondo ake adali ochuluka kwambiri kuposa adani awo. Chidamugonjetsa chidali ntchito imene anthu ena adali ataigwira kwa zaka zoposa 100 kutali ndi Mchinji. James Watt adakonza injini yoyendera nthunzi mu 1769. Sitima yapamtunda idayamba kuyenda pakati pa Stockton ndi Darlington mu 1825. Henry Bessemer adapeza njira yosungunula chitsulo cholimba chambiri pamtengo wotsika mu 1856. Hiram Maxim adapanga mfuti yachiwaya mu 1884, yotha kulavula zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi imodzi. Sitima zapamadzi zidabweretsa zidazo kudzera pa Zambezi, Shire ndi nyanja, ndipo mankhwala a kwinini adateteza ozinyamula ku malungo. Msilikali amene adaima pamaso pa Nsingo adali ndi migodi ya malasha, ng'anjo za chitsulo, sukulu za amisiri ndi mabanki kumbuyo kwake. Kumbuyo kwa Nsingo kudali kulimba mtima ndi mkondo wosulidwa pamudzi. Nkhondoyo idali itatha kale m'mafakitale a ku Ulaya asilikali asadanyamuke ku Zomba.

Umboni wake uli m'zimene zidachitika kwina m'zaka zomwezo. Mu Sepitembala 1898 ankhondo zikwi zambiri a ku Sudan adaphedwa pa Omdurman m'mawa umodzi wokha ndi mfuti za mtundu womwewo. Koma pa 1 Malichi 1896 Menelik wa ku Ethiopia adagonjetsa asilikali a Italy pa Adwa, chifukwa adali atatha zaka akugula mfuti zamakono ndi kugwirizanitsa mafumu a dziko lake. Japan adachita zoposa pamenepo. Kuyambira 1868 adatumiza anyamata ake kukaphunzira luso la mafakitale kunja, adatsegula njanji yake yoyamba mu 1872, ndipo mu 1905 adagonjetsa Russia. Amene adagula zida adadziteteza, amene adaphunzira kuzipanga adatukuka, ndipo amene adadalira mphamvu za thupi zokha adalandidwa dziko.

Pali anthu amene amati kugonja kwa Angoni kudali dalitso chifukwa kudabweretsa mtendere. Mfundoyi siyenera kukanidwa yonse. N'zoona kuti Achewa ndi Ansenga ambiri adazunzika ndi nkhondo za Angoni, kuti midzi idathawira kumapiri, ndipo kuti anthu ambiri adagwidwa ukapolo. N'zoonanso kuti nkhondoyo itatha amishoni adatsegula sukulu ndi zipatala, monga adachitira ansembe a White Fathers amene adafika pa Kachebere mu 1903. Koma wonena zimenezi ayenera kunenanso mtengo wa mtenderewo. Ng'ombe zolandidwa sizidaperekedwe kwa Achewa amene adazunzika. Malo achonde a ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, adasanduka minda ya fodya ya Azungu. Malire adadula pakati pa anthu a mtundu umodzi ndi chiyankhulo chimodzi, kotero kuti munthu ndi msuweni wake adapezeka ali nzika za maiko osiyana. Pamwamba pa zonsezi padabwera msonkho wa nyumba, wofunika kulipira ndi ndalama zimene pamudzi padalibe. Mchewa ndi Mngoni, amene dzulo lake adali mdani ndi mdani, onse adanyamula mphasa kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Halale ndi m'migodi ya ku Joni. Ena sadabwererenso, adasanduka matchona.

Zochitika zazikulu zimene ophunzira amaloweza zidafika kwa anthu a kumudzi mwa njira yomweyo. Nkhondo ya 1914 idafika ngati tengatenga. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland adasenza katundu wa asilikali pamutu m'nkhondo imene sadaiyambitse, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe adadandaula poyera za nkhanza imeneyi asadaukire boma pa 23 Januwale 1915. Ndege nayo idafika mofananamo. Ndege ya abale a Wright idakhala m'malere masekondi 12 okha paulendo wake woyamba, koma patangopita zaka 11 ndege zidali zitalowa kale pankhondo, ndipo patapita zaka zina zidayamba kunyamula anthu kuoloka nyanja zamchere. Nanga mnyamata wa kwa Mkanda kapena kwa Mavwere adaikwera liti? Ambiri adaikwera koyamba ngati katundu wa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, akupita kukakumba golide wa eni. Mu Epulo 1974 ndege ya bungwelo idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene adali kubwerera kwawo, ndipo boma lidaimitsa kaye kulemba anthu ntchitoyo. Kwa amene adaipanga, ndege idali chipatso cha nzeru zawo. Kwa amene sadaipange, idali njira yofulumira yowatengera kukalemeretsa ena.

Ufulu wa 1964 suyenera kupeputsidwa. Udagulidwa ndi magazi. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chidakhazikitsidwa mu 1953 chidakanidwa ndi mafumu ndi anthu wamba. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda lidamanga atsogoleri ambiri pamodzi ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo anthu oposa 50 adaphedwa m'chipwirikiti cha nthawi imeneyo. Chitaganyacho chidatha mu 1963, Malawi adadzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndipo Zambia adatsatira pa 24 Okotobala chaka chomwecho. Fort Manning adakhala Mchinji, Fort Jameson adakhala Chipata. Zonsezi zidali zoyenera. Cholakwa ndi kuganiza kuti mbendera itakwezedwa ndipo mayina atasinthidwa, mlandu wa 1898 udatha. Patangopita miyezi iwiri kuchokera pa tsiku la ufulu, nduna zophunzira kwambiri zidasemphana maganizo ndi mtsogoleri wawo, ndipo zambiri zidathawa m'dziko. Mmodzi wa iwo, Orton Chirwa, amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959, adagwidwa m'malire a Chipata ndi Mchinji pa 24 Disembala 1981 pamodzi ndi mkazi wake Vera, ndipo adafera m'ndende ya Zomba mu Okotobala 1992. Dziko limene limaopa mafunso silingabale amisiri, pakuti luso lililonse limayamba ndi munthu wofunsa chifukwa chimene chinthu chikuchitikira motero. Ufulu woyankhula udabwerera ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993, koma zaka pafupifupi 30 zidali zitapita.

Amene akufuna kuona kusiyana kwa chikondwerero ndi ntchito apite akaone njanji ya ku Mchinji. Njanji yoyamba m'dziko muno idafika ku Blantyre mu 1908 ndipo idafika ku Salima mu 1935. Ufulu utabwera, njira ya ku doko la Nacala idatsegulidwa mu 1970, ndipo ndi chithandizo cha dziko la Canada njanji idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Chidatsala ndi kamtunda kosakwana makilomita 30 kuti ilumikizane ndi Chipata, kuti mbewu za kum'mawa kwa Zambia ndi za chigawo chapakati cha Malawi zizipita kunyanja yamchere motsika mtengo. Ntchito ya kamtundako idayamba mu 1982, koma njanjiyo idatsegulidwa mu Ogasiti 2010, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi Rupiah Banda. Zidatenga zaka 28. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, idamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975. Zifukwa zochedwera zilipo. Gawo lalikulu la ntchito yotsalayo lidali mbali ya Zambia, kumene chuma chidagwa pamodzi ndi mtengo wa kopa, ndipo nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Nacala m'zaka za m'ma 1980. Koma nkhondoyo idatha mu 1992, ndipo padapitanso zaka 18. Ngakhale njanjiyo itatsegulidwa ndi nyimbo ndi magule, katundu wambiri adapitirira kudutsa pachipata cha Mwami pa malole. Maiko awiri odzilamulira adalephera kwa mbadwo wathunthu kumaliza mtunda umene munthu wa njinga amauyenda m'mawa umodzi, chifukwa chitsulo, makina ndi ndalama zonse zidayenera kudikira mlendo.

Chitsanzo china chili m'munda. Mchinji ndi nkhokwe ya mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Mtedza wa Chalimbana udatchuka mpaka kunja, ndipo akatswiri a pa Chitedze, m'mbali mwa msewu wa Lilongwe ndi Mchinji, adatulutsa mitundu ina yobereka kwambiri monga CG7. Komabe mlimi wa m'bomali wakhala akugulitsa thukuta lake lili laliwisi. Bungwe la ADMARC litakhazikitsidwa mu 1971 linkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika, ndipo phindu lambiri lidapita kukakuza minda ikuluikulu. Fodya wa bale adali wa eni minda ikuluikuluyo okha mpaka 1990, ndipo mwana wa mlimi adali tenanti m'dziko la makolo ake. Msika wa mtedza wa ku Ulaya udachepa pamene ogula adayamba kukana mtedza wokhala ndi chuku, vuto limene limathetsedwa ndi kuumitsa bwino, kusunga bwino ndi kupima ndi makina. Lero mlimi amagulitsa thumba la mtedza kwa venda pa sikelo ya m'mbali mwa msewu, kenaka n'kukagula kabotolo ka mafuta ophikira ndi ka chiponde pamtengo umene wopanga wakhazikitsa. Amagulanso feteleza wochokera kutsidya kwa nyanja pamtengo umene sangautsutse. Wogulitsa zosakonza ndi kugula zokonzedwa saika mtengo pa chilichonse mwa ziwirizi. Ameneyu ali pamalo pomwe padali Nsingo, kungoti chida cha mnzake tsopano ndi makina oyengera mafuta.

Ena amayankha kuti zonsezi n'zolakwa za atsamunda. Atsamunda ali ndi mlandu wawo, ndipo wafotokozedwa kale. Koma adalamula dziko lino kuyambira 1891 mpaka 1964, zaka 73, ndipo chichokereni iwo papita zaka zoposa 60. Munthu amene adaberedwa mbuzi ali mnyamata sangamanenebe za mbuziyo ali ndi imvi pamene khola lake silidamangidwenso. Enanso amati Malawi ndi dziko laling'ono lopanda doko, choncho mafakitale si gawo lake. Ethiopia nayenso alibe doko kuyambira 1993, koma kampani yake ya ndege, imene idakhazikitsidwa mu 1945, idalimbikira kuphunzitsa oyendetsa ndege ndi amakaniko akeake. Air Malawi idayamba mu 1964, bwalo la ndege la Kamuzu lidatsegulidwa mu 1983, koma kampaniyo idathetsedwa mu 2013, ndipo m'kampani yatsopano imene idalowa m'malo mwake Ethiopian Airlines idatenga magawo 49 pa 100 aliwonse. Zidzukulu za opambana pa Adwa zidabwera kudzathandiza zidzukulu za ogonja mu 1898 kuulutsa ndege. Palibe chamanyazi pothandizidwa ndi mbale, koma pali funso loyenera kufunsidwa: iwo adachita chiyani m'zaka zonsezi chimene kuno sichidachitike?

Bodza loipa kuposa onse ndi lakuti kupanga zinthu ndi nzeru za Azungu. Makolo a Amaravi adali ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, adasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, adaomba nsalu za thonje, adatcheza mchere, ndipo zinthuzi adazigulitsa kutali. Luso limeneli lidazilala pamene makasu ndi nsalu za m'mafakitale akunja zidadzaza m'sitolo, ndipo maphunziro amene adabwera adakuza ukalaliki kuposa umisiri. Maganizo amenewo sadathe. Kholo limanyadira mwana wovala tayi ngakhale akungosunga mafayilo, koma limachita manyazi ndi mwana wowotcherera zitsulo ngakhale akudyetsa banja lonse. Wophunzira amakhoza mayeso a sayansi asadagwirepo chida chilichonse choyesera. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chuma chimene Mchinji ali nacho pamphuno ndi nthaka, mtedza, njanji, malire a maiko awiri ndi achinyamata. Makopaletivi angapo a alimi m'bomali adayamba kale kuyenga mafuta ndi kukonza mbewu zawo, ndipo aonetsa kuti n'zotheka. Chofunika ndi magetsi odalirika, ngongole zopirira, sukulu za umisiri zokhala ndi zida, sitima yoyenda pa nthawi yake, ndi atsogoleri oyesedwa ndi zimene amaliza, osati ndi miyala ya maziko imene aika. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Japan naye adayamba ndi nsalu ndi zinthu zing'onozing'ono asadafike pa sitima ndi galimoto.

Mwambo wa Ncwala, umene udaleka Angoni atagonja, udayambanso mu 1980, ndipo chaka chilichonse mu Febuluwale anthu amasonkhana ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata. Kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ku Mchinji amuna amavinabe ingoma atanyamula zishango ndi zibonga. N'koyenera kutero, pakuti mtundu woiwala makolo ake ndi mtengo wopanda mizu. Koma ulemu woyenera Nsingo sungathere pabwalo la gule. Iye adaona bwino kuti dziko likulandidwa, ndipo adalimbana nazo ndi chida chimene adali nacho. Wophunzira wa lero ali ndi mwayi umene Nsingo adalibe, wodziwa chimene chidali kumbuyo kwa mfuti ija ndi kuchiphunzira. Akaloweza 1898 ndi 1964 n'kulemba bwino mayeso, wachita theka la ntchito. Theka linalo lidzachitika tsiku limene mtedza wa kwa Mkanda udzachoka pa siteshoni ya Mchinji uli m'mabotolo, utakonzedwa ndi makina amene ana a m'bomalo akudziwa kuwayendetsa, kuwakonza akaonongeka, ndiponso kuwapanga.